Malo Anga Anali pa Chitseko Chakumbuyo

Msewu wochoka ku Mzimba Boma kupita kumudzi kwa amuna anga ndinaudziwa chafutambuyo. Ndinkaona kumene tachoka, osati kumene tikupita, chifukwa malo anga anali pa chitseko chakumbuyo cha pikapu, miyendo ili lendelende, fumbi lonse likuthera pa ine. Mpaka lero ndikadutsa kumeneko pa basi, nditayang'ana kutsogolo ngati anthu ena onse, mapiri ake sindiwazindikira msanga.

Pikapuyo inali ya apongozi anga aamuna, amene aliyense pamudzi ankawatchula kuti adada. Anaigula kwa mzungu wina wa pa esiteti ya fodya, ndi zimene anasunga atagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Joni. Eni akewo sankadziwa kuyendetsa. Woyendetsa anali amuna anga, mwana wawo woyamba, ndipo n'chifukwa chake ife tinkakhala pa Boma, m'kanyumba kalendi kuseri kwa msika, kumene katundu wonyamula ankapezeka. Galimotoyo inkanyamula chimanga, fodya, malata, mbuzi, odwala ndi maliro, ndipo mvula ikayandikira inkangokhalira feteleza. Adada ankabwera pakati pa sabata kudzaona mmene chuma chawo chikuyendera, n'kumagona kwa mphwawo. Loweruka tinkabwerera nawo kumudzi, kum'mwera, mbali ya ku Jenda. Ine ndinkapita nawo chifukwa munda wanga unali kumeneko, ndipo mkazi wokhala pa Boma anzake akupalira ankatchedwa mlesi.

Ine ndine Mchewa wa ku Kasungu. Kwathu amene amathawa apongozi ndi mkamwini, ndipo ndinakula ndikuseka amuna a achemwali anga akulumphira patchire akaona amayi akubwera panjira. Sindinkadziwa kuti tsiku lina wothawayo ndidzakhala ine. Ku Mzimba anandilowola ndi ng'ombe, ndinakhala mkamwana, mkazi wobwera pamudzi wa eni. Adada sindinkayenera kuwayang'ana kumaso, kuwayankhula, kapena kukhala nawo pamalo amodzi. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada choyang'ana kumbali. Iwonso sankandiyankhula. Mawu oyamba a Chitumbuka amene ndinawagwira anali akuti, “Muphalire mkamwana,” ndiye kuti muuze mkamwana, ndipo ankanenedwa ine ndili pomwepo, ndikumva zonse ndi makutu anga. Sikuti anali munthu wankhanza ayi. Anali mkulu wa mpingo, wowonda, waukhondo, wa jekete ndi tayi ngakhale popita kudimba. Kungoti chilichonse chochoka kwa ine kupita kwa iwo chinkayenera kudutsa m'kamwa mwa wina, ndipo chinkafika chitasukuluka.

Kutsogolo kwa pikapu kunali malo a anthu atatu. Oyamba anali a woyendetsa, achiwiri a adada. Achitatu nthawi zambiri ankakhalapo tcheyamani wa chipani wa kwathu kumudziko, munthu amene sankasowa chochita pa Boma sabata iliyonse, ndipo sankafunsa n'komwe ngati malo alipo. M'zaka zimenezo munthu wanzeru zake sakanamukaniza. Koma ngakhale tcheyamaniyo akanapanda kubwera, malowo sakanakhala anga, poti mkamwana sangakhale phewa ndi phewa ndi apongozi ake. Kumbuyo matumba ankasanjidwa mpaka kupitirira denga, amuna n'kukwera pamwamba pake. Chitseko chakumbuyo ankachitsegula kuti chigone, aikepo matumba ena owonjezera. Pakona potsala ndi pamene ndinkakhala ine.

Pamene nkhani iyi ikuchitika n'kuti ndili m'chaka chachinayi cha banja, wopanda mwana. Ndinali nditapita padera kawiri. Alamu anga, alongo awo a amuna anga, anali atayamba kufunsana mokweza kuti ng'ombe za abambo awo zinapita kukagula chiyani ku Kasungu. Anamwino a kuchipatala cha mishoni anandiuza kuti ndikadzaimanso ndidzapewe kunyamula zolemera ndi kugwedezeka. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinaseka, chifukwa mayi ameneyo sankadziwa kuti ine ndimayenda pati.

Chitseko chija chikagona, chinkagwiridwa ndi mawaya awiri, wina uku wina uku. Anali mawaya opota, okula ngati chala chaching'ono, ovekedwa pulasitiki wakuda. Moyo wanga wonse wa pamsewu unkalendewera pa mawaya amenewo, ndipo palibe amene ankawayang'ana kupatula ine. Ndinkakhala kumanzere, dzanja litagwira waya ulendo wonse. Ndinamudziwa monga munthu amadziwira mpini wa khasu lake.

Chimene chinawadya ndi feteleza. Matumba ankang'ambika pokweza, feteleza n'kumwazika mbuu, ndipo tsache silinkafika m'makona. Mvula ikagwa ankasungunuka n'kutsetsereka ndi waya, kulowa m'kati mwa pulasitiki kudzera pamene panasweka. Akalowa sankatulukanso. Kunja wayayo ankaoneka wakuda bwinobwino, makamaka adada akamupukuta ndi kasanza kawo, poti galimoto yawo ankaisamalira kuposa mmene anthu ena amasamalira ana. Koma chaka chimenecho ndinaona kuti pakati pa waya wakumanzere patupa. Ndikafinya pankatuluka madzi ofiira a dzimbiri, ndipo ndinkamva timawaya tikuthetheka m'kati ngati udzu wouma. Ndikafika kumudzi chikhatho changa chinkakhala chofiira, chitenje chomwe.

Ndinauza amuna anga tili awiri m'nyumba. Anati, “Ndamva, ndiwauza adada.” Sanawauze. Ndinawakumbutsa sabata yotsatira, anayankha chimodzimodzi. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Kanthu kalikonse kakawonongeka pa galimotoyo, mlandu unkakhala wa woyendetsa, kuti akuthamangitsa, kuti sakuona maenje, kuti sadziwa mmene munthu anavutikira pansi pa nthaka kuti aigule. Amuna anga anali munthu wamkulu, wa ndevu zake, woopedwa ndi anyamata okweza katundu, koma pamaso pa abambo awo ankasanduka mwana wa sukulu. Sindinawade ayi, koma ndinatopa nawo.

Ndiye ndinapita kwa apongozi aakazi, amene tinkawatchula kuti amama. Iwowa ndinkatha kuyankhula nawo, bola nditagwada. Chichewa ankachimva pang'ono, ine Chitumbuka changa chinali chotsimphina, choncho ndinawaonetsa chikhatho ndi chitenje, n'kufotokoza kuti waya wa galimoto wadyeka, tsiku lina adzaduka. Anagwira chitenjecho, anapukusa mutu, anati, “Soka chomene, mwana wane,” ndipo analonjeza kuti akawauza adada.

Loweruka lotsatira ndinapeza pakona panga payalidwa chiguduli chochapa bwino, chopinda kanayi, chomangirira ndi kachingwe kuti chisauluke. Titafika kumudzi amama anandinong'oneza mokondwa kuti adada amva, ndipo alamula kuti ndizikhalira pamenepo kuti chitenje changa chisamade. Ndinagwada n'kunena kuti yewo chomene, zikomo kwambiri. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira, koma mphamvu ya zonse ziwirizo ndinalibe, ndiye ndinangonyamula khasu.

Mvula yoyamba itagwa ndinazindikira kuti ndaimanso. Sindinauze munthu kupatula amuna anga. Nkhani yotere siilengezedwa, imadikira kuti azimayi aakulu aione okha, ndipo amuna a pamudzi amadzaimva mochedwa, kuchokera kwa akazi awo. Kwa ine panalinso mantha. Ndinali nditasangalatsa anthu kawiri n'kuwakhumudwitsa kawiri, ndipo sindinkafuna kuonanso nkhope zija. Ndinkamanga chitenje momasula, n'kumakwera pachitseko ngati kale, mano nditaluma pa bampu iliyonse.

Waya wakumanzere anaduka ine kulibe, mwamwayi. Ankakweza feteleza kudepoti, mnyamata wina ataponya thumba pachitseko, ndipo chitsekocho chinangopendekeka. Amuna anga anabwera nacho kunyumba chidutswacho. Atang'amba pulasitiki ndi mpeni, m'katimo munali fumbi lofiira lokhalokha ndi timawaya tiwiri titatu. Ndinati tsopano nkhani yatha, aliyense waona. Koma adada atamva anati vuto ndi okweza katundu, amene amaponya matumba ngati akuponya miyala. Amuna anga anamanga mbali imeneyo ndi chingwe cha khonje, chopinda kangapo.

Kuseri kwa msika kunali munthu wowotcherera zitsulo, amene anati atha kuikapo matcheni mbali zonse ziwiri dzuwa lisanapendeke. Adada anakana. Anati galimoto yawo si ngolo ya ng'ombe, akufuna waya weniweni, wofanana ndi amene inabwera naye. Koma waya weniweniyo pa Boma panalibe. Chichokereni Amwenye kupita m'mizinda ikuluikulu, masitolo athu ankagulitsa sopo, mchere ndi palafini akapezeka, osati zipangizo za galimoto. Adada anatuma mawu kwa mphwawo wina ku Lilongwe kudzera mwa kondakitala wa basi. Tinadikira. Kondakitalayo anasinthidwa njira, mawu anatumidwanso mwa wina. Tinadikiranso. Waya atabwera anali wamfupi, wa mtundu wina wa galimoto, ndipo anabwezedwa ndi basi yomweyo. Chimene chinandifoola kwambiri n'chakuti anaitanitsa mmodzi yekha. Wakumanja ankati ali bwino, poti pulasitiki wake ankawala.

Mbali ya khonje inkatsika galimoto ikalemedwa, choncho ndinasamukira kumanja, chiguduli changa chomwe. Tsiku loyamba lomwelo ndinafinya waya wotsalayo. Anali wotupa malo awiri, ndipo tsopano ndiye ankanyamula pafupifupi chitseko chonse yekha. Ndinauzanso amuna anga. Anati ndipirire, waya watsopano ali m'njira. Ndinawafunsa kuti nanga wakumanjayu, iwo anati tiyambe taona woyambayo. Ndinagona choyang'ana kukhoma.

Loweruka limene ndikunenali kunacha ndi kamvula kowaza. Chimanga m'minda chinali chitayamba chikasu, ndipo anthu kumudzi ankadikira feteleza wawo ngati mankhwala. Pikapu inaima pamsika itadzaza, amuna atakwera kale pamwamba, matumba awiri ali pachitseko. Adada anali atakhala kutsogolo, chipewa pamutu, tcheyamani pambali pawo. Ndinafika ndi kamtolo kanga, ndinagwira waya uja monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinamva kanthu kakuthetheka pansi pa chala changa chachikulu. M'mimba mwanga mwana anali atayamba kugunda sabata imeneyo. Awiri oyamba aja sanafike pogunda. Ndinachotsa dzanja, ndinaima.

Amuna anga anasuzumira pawindo. “Kwerani, mvula iyi itipeza.”

Sindinasunthe. Analiza hutala. Amuna a pamwamba pa matumba anayamba kung'ung'udza kuti amayi awa bwanji. Ndinayenda mpaka pa chitseko cha woyendetsa, ndinagwada m'matope, maso pansi, ndipo ndinayankhula mokweza kuti mawu anga asadzerenso mwa munthu.

“Auzeni adada kuti pachitseko paja sindikhalapo. Waya wotsalayo watha m'kati. Muwauzenso kuti sindili ndekha. Awiri aja ndinataya, uyu sindikufuna kutaya.”

Azimayi ogulitsa tomato anagwira pakamwa. Nkhani imene imanong'onedwa kuseri kwa nkhokwe ndinali nditainena pagulu, pamaso pa amuna, apongozi anga akumva. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha, koma ndinali nditatopa kuposa mmene ndinkachitira manyazi. Amuna anga anangoti, “Aa, inu.” Tcheyamani anatsokomola.

Kenako ndinamva chitseko cha mbali inayo chikutseguka, tcheyamani akupinda miyendo kuti apereke njira. Ndinaona nsapato za adada ndi ndodo yawo zikutsika, zikuzungulira kumbuyo kwa galimoto. Anaima kumeneko nthawi yaitali. Chimene ankachita sindinachione, poti sindikanadzutsa mutu. Nsapato zija zinabwerera, zinaima pafupi ndi windo la amuna anga.

“Wakhale kunthazi,” anatero adada. Akhale kutsogolo.

Amuna anga anayang'ana tcheyamani. Tcheyamani anali atatanganidwa ndi kukonza baji yake pachifuwa. Aliyense ankadziwa kuti iyeyo sangatsitsidwe, ndipo aliyense ankadziwanso kuti ine ndi adada sitingakhale mpando umodzi. Amuna anga anati mwina ine ndingotsala pa Boma sabata imeneyo. Adada anati ayi, munthu ali choncho sangatsale yekha m'nyumba yalendi, malo ake ndi kumudzi kwa amama.

“Ine nkhalenge kumanyuma,” anatero. Iwo akhala kumbuyo.

Panabuka phokoso. Amuna a pamwamba anati adada akwere kwa iwo, awapatsa malo abwino, koma mawondo a adada sakanatha kukwera mulu umenewo. Amuna anga anati ndiye titsitse matumba ena titseke chitseko. Adada anafunsa kuti titsitse a yani, poti thumba lililonse lili ndi mwini wake amene akudikira, ndipo iwo analonjeza.

“Galimoto njane,” anatero. “Mbwenu, tiyeni.”

Galimoto inali yawodi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anakhala pa chiguduli changa, miyendo ili lendelende, ndodo ataigoneka pamiyendo. Anthu pamsika sanadziwe koyang'ana.

Kanali koyamba kuti ndikhale kutsogolo. Mpando unali udakali wofunda pamene anachoka adada, ndipo ndinakhala chakumphepete ngati ndaba. Sindiname, msana wanga unasangalala. Mvula inkagwa kunja, ine osanyowa. Titatuluka m'tauni tcheyamani anati, “Ndiye kuti mugula makhadi awiri, amayi. Uyo ali m'katiyo nayenso ndi wa chipani.” Anaseka, amuna anga anaseka nawo pang'ono. Ine ndinadziwa kuti si nthabwala yokha, ndipo ndinati ndamva. Maso anga anali pa kagalasi ka pambali, mmene ndinkaona mwendo umodzi wa thalauzi la adada ukugwedera.

Amuna anga anayendetsa ngati anyamula maliro. Pamsewu waukulu panalibe vuto. Titapatukira kumsewu wa kumudzi anachepetsanso, n'kumazemba dzenje lililonse, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira. Tinadutsa malo oipa onse amene ndinkawadziwa, ndipo ndinayamba kupuma bwino. Tinatsala ndi dambo limodzi, pamene madzi anakokolola dothi n'kusiya kamuzu ka mtengo pamtunda. Kanali kabampu kakang'ono, koti tsiku lina sindikanakamva n'komwe. Tayala lakumbuyo litakwera n'kutsika, ndinamva phaa, ngati chikwapu. Amuna a pamwamba anayamba kumenya denga ndi kukuwa.

Ndinatuluka modumpha miyendo ya tcheyamani. Chitseko chinali chitalendewera pansi, khonje nalonso litaduka. Adada anali gone m'matope chapatali pang'ono, thumba limodzi lili pa chiuno chawo, feteleza akutayika m'madzi. Chipewa chawo chinkayandama m'ngalande. Ndinayamba kuthamanga. Ndinaiwala za mwambo, ndinaiwala za anamwino, ndinkangofuna kuchotsa thumba lija. Amuna anga anandipitirira n'kufika poyamba. Adada anandiona ndikubwera. Anatembenuzira nkhope kumbali, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo ndi mawu otuluka movutikira anauza mwana wawo kuti, “Muphalire waleke kuchimbira.” Muuze asathamange.

Ndinaima pomwepo, pakati pa msewu, mvula ikundinyowetsa. Ndinalira mokuwa ngati mwana, manja ali pamimba.

Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Anagona kuchipatala cha mishoni mpaka chimanga chinacha, mwendo atawukoka ndi zitsulo, ndipo anatuluka ali munthu woyenda mogwiriridwa ndi anthu awiri. Pa galimoto yawo sanakwerenso, kupatula tsiku lobwera kuchokera kuchipatala. Sabata yomweyo ya ngozi amuna anga anakwera basi okha kupita ku Mzuzu, ndipo anabwera ndi mawaya awiri atsopano, oyenera bwinobwino. Zimene zinkakanika miyezi yonse ija zinatheka m'masiku ochepa. Anawamanga ine ndikuona.

Mlandu unagwera ine, monga ndinkayembekezera. Alamu anga sanatchule za waya, kapena za feteleza, kapena za tcheyamani, amene anapitiriza kukwera kutsogolo ngati palibe chachitika. Ankati Mchewa anafuna mpando wa apongozi ake ndipo anaupeza. Ankati kwawoko chiyambire sanaonepo mkamwana wotsitsa adadavyala ake, apongozi aamuna, m'galimoto ndi pakamwa. Amama sananene choipa kwa ine, koma anasiya kunditchula kuti mwana wawo. Amuna anga ankati ndisawamvere, koma ankanena zimenezo tili awiri basi.

Mwana anabadwa m'nyengo yozizira, wamkazi, wamoyo, wa mawu aakulu. Nditamva kulira kwake thupi langa lonse linamasuka, ndipo ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chikwatiwire. Mlamu wanga wamkulu atabwera kudzamuona anati mwendo wa abambo awo wagula mwana wamkazi. Ine ndinangopitiriza kuyamwitsa.

Pa Boma sindinabwererenso. Amama anali atakalamba, alamu anga anali ndi mabanja awo m'midzi ina, ndipo ntchito ya wodwala inatsalira mkamwana. Kuwasambitsa ankawasambitsa amama kapena amuna anga akabwera. Zina zonse zinali zanga. Ndinkatunga madzi, kuwatenthetsa, kuphika phala, kuchapa mabulangete tsiku ndi tsiku, mwana ali kumsana, kenako akukwawa pafupi ndi beseni, kenako akuyenda. Chakudya ndinkachisiya pakhomo nditagwada, amama n'kulowa nacho. Zaka zonsezo ine ndi adada sitinayankhulanepo. Ndinkawamva akutsokomola kuseri kwa khoma, n'kumadzifunsa kuti tsiku lija anakhala pachitseko chifukwa chondikhulupirira, kapena pofuna kuonetsa anthu a pamsika kuti mkamwana akunama, galimoto yawo ndi yolimba. Ndinkafunanso kudziwa ngati nawonso ankandiimba mlandu. Panalibe munthu woti ndimutume funso lotero.

Mwana wanga yekha ndiye ankalowa ndi kutuluka m'chipinda chawo mmene wafunira. Ankakwera pabedi pawo, kuwavula chipewa, kudya phala lawo. Atayamba kuyankhula bwino, ankasakaniza Chitumbuka cha agogo ake ndi Chichewa changa, ndipo adada anayamba kumutuma tinthu ting'onoting'ono, madzi akumwa, kapena kuti nkhuku zalowa m'nkhokwe.

Chaka chimene adada anamwalira, ali ofooka kale, kunali m'mawa wina ndikuchapa kuseri kwa nyumba. Alamu anga anali atabwera dzulo lake, ndipo anali atayankhulanso zawo zija pakhonde, mosabisa mawu. Mwana anabwera akuyenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kubwereza zimene wauzidwa kuti asaiwale. Anaima patsogolo panga, manja kumbuyo.

“Amama, agogo akuti ndikuuzeni kuti waya ula anawuona. Akuti anafinya, unali wakutha nadi. Akuti iwo anati poti mbakughanda, ngowonda, panyake ufika, mwina suduka.” Anaima, anayang'ana kumwamba kufuna mawu otsala. “Akuti musamamvere vya wanthu. Akuti pachitseko paja anakhalapo okha, mwa kufuna kwawo.”

Ndinamufunsa ngati pali zina. Anati palibe, ndipo anafunsa ngati mbatata yapsa.

Ndinakhala pansi, manja ali ndi thovu, ndipo kwa kanthawi sindinathe kuona bwino. Ndinamuuza kuti apite akanene kwa agogo kuti yewo chomene, amama amva. Anapita. Ine ndinabwerera pa beseni, chifukwa bulangete lina linali lisanachapidwe ndipo dzuwa linkakwera.